Kalata M'buku la Adokotala

Mabuku a Adokotala ankakhala m'kabati ya galasi pabalaza pawo ku Leeds, ndipo kiyi wake ankayenda naye m'thumba la jekete. Sanali dokotala wa kuchipatala ayi. Ankaphunzitsa pa koleji ina mumzindamo, koma poti anali ndi digiri yapamwamba ija, Amalawi tonse tinkawatchula choncho, ndi akazi awo omwe. Mabukuwo pafupifupi onse ankanena nkhani imodzi: momwe anthu akuda ku America ndi ku Joni anavutikira kuti azikwera basi imodzi ndi azungu, azimwa pampopi umodzi, ana awo aziphunzira sukulu imodzi, ndiponso kuti azivota ngati wina aliyense.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tinkakumana pabalazapo kukambirana buku limodzi. Tinkakwana anthu khumi ndi awiri, nthawi zina kuposerapo. Amalawi tikangokwana atatu, wina amakhala wapampando, choncho gulu lathu linali ndi wapampando, amene anali Adokotala eni ake, mlembi, ndi ajenda yotaipidwa bwino. Tinkayamba ndi pemphero, mlembi n'kuwerenga za msonkhano wathawo, kenako buku, kenako zina ndi zina, pemphero lotsekera, n'kumadya.

Ine ndinkakhala ku Rotherham. Masana ndinkapita kukoleji kuphunzira za unamwino, nthawi yotsala ndinkagwira mashifiti kunyumba yosamalira okalamba. Pamsonkhano ndinkakhala pampando wapakona, pafupi ndi hita, ndipo m'zaka ziwiri sindikumbukira kuti ndinakwezapo dzanja. Chimene chinkandikoka chinali chakuti pomaliza Adokotala ankatsegula kabati n'kubwereka aliyense buku limodzi. Anali ndi malamulo awo: usambe m'manja, ulikutire ndi pepala ngati kope la kupulayimale, usapinde tsamba.

Mabukuwo ndinkawawerenga m'basi komanso pa nthawi yopuma kuntchito. Kunyumba ya okalambayo kunali mkulu wina amene ankakana kuti ndimusambitse. Ndikalowa ndi beseni ankatembenukira kukhoma n'kumakuwa kuti aitane mtsikana woyera. Akuluakulu a pantchito ankangondisinthira kuchipinda china, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikatuluka m'menemo ndinkakakhala kuseri, pamene ankaikapo nsalu zochapa, n'kutsegula buku. Ndinkawerenga za amayi oyeretsa m'nyumba za azungu amene anayenda wapansi miyezi yambiri pokana basi ya tsankho, ndipo mtima unkakhala pansi. Mabukuwo ndinkawakonda zenizeni. N'chifukwa chake nkhani iyi imandinyansabe mpaka lero.

Ku Leeds sindinkapita ndekha. Ndinkapita ndi amayi ena ake a ku Rotherham komweko, achikulire, a zaka zoposa makumi asanu. Iwo sanali a gulu lowerenga. Ankapita kukaphika. Ife tikamakambirana za ufulu pabalaza, iwo ankakhala kukhitchini kukazinga mandasi ndi samusa, fungo n'kumalowa pansi pa chitseko. Akazi a Adokotala ankawatchula kuti anti, n'kumawapatsa zovala zomwe zawathina.

Amayiwo anali a asayilamu, ndiye kuti anapempha boma la kuno kuti liwasunge poti kwawo moyo wawo unali pangozi. Amuna awo atamwalira, akuchimuna anawanena kuti ndiwo anawapha, n'kuwalanda nyumba, ndipo tsiku lina anawamenya mpaka dzanja lamanzere silinkawongokanso bwino. Kugwira ntchito sankaloledwa. Mwezi uliwonse ankapita kukasaina ku ofesi ya olowa ndi otuluka, kusonyeza kuti sanathawe.

Pakati pa Amalawi a kumeneko panali mzere umene palibe ankautchula. Mbali ina kunali amene anabwera pa sukulu n'kupeza ntchito za m'maofesi ndi m'zipatala. Mbali inayo kunali a asayilamu. Kutchalitchi tinkapatsana moni tonse, koma ndinamvapo kangapo bambo wina wa gulu lathu, wowerengera ndalama pa kampani ina, akufunsa moseka kuti, "Kodi nkhondo imene anthuwa akuthawa ku Malawi ili boma liti? Ine ndinali komweko Khirisimasi, ndinangoona mbuzi." Anthu ankaseka. Inenso ndinkamwetulira kuti ndisaoneke wachilendo.

Chaka chimenecho pempho la amayiwo linakanidwa, ndipo anachita apilo. Loya wawo anawauza kuti zingathandize atapeza kalata yochokera kwa anthu odziwika a mtundu wawo, pa pepala la gulu, yonena kuti akuwadziwa kwa zaka, ndi munthu wokhulupirika, ndipo amatumikira anzawo. Kalatayo inkafunika isanathe sabata yoyamba ya Novembala.

Amayiwo anandiuza zimenezi m'sitima, Loweruka loyamba la Okutobala, zidebe za ufa wokandakanda zili pakati pa miyendo yawo. Anatulutsa pepala lopinda kanayi m'chikwama. Linali long'ambidwa m'kope, la mizere yofiirira, lolembedwa mbali imodzi ndi bolopeni ya buluu, zilembo zikuluzikulu zoimirira ngati za ana a sukulu za mishoni. Analembapo mawu opempha Adokotala kuti gulu lathu liwalembere kalata imene loya ankafunayo.

"Ukawapatse Adokotala," anatero.

"Bwanji osawapatsa nokha, amayi? Si mukhala muli m'nyumba momwemo?"

"Iii, ine ndi mafuta m'manja ndikalowe pabalaza pa anthu ophunzira? Ndikayambira pati? Iwe umakhala nawo. Ndiwe mwana wa sukulu, akumvera."

"Ine sindilankhulatu kumeneko."

"Ndiye lero ulankhula. Pakamwa si pongodyera mandasi anga."

Tinaseka, ndipo ndinalandira pepalalo. Ndinali ndisanaitanepo munthu aliyense kuti amayi chimwalirire mayi anga ndili ndi zaka zinayi, koma iwowa dzinalo linkangotuluka lokha.

Ndinakonza zoti ndikanene pa zina ndi zina. Msonkhano wonse mawuwo ndinkawabwereza mumtima. Koma tsiku limenelo mkangano unakula, pa funso loti kodi omenyera ufulu ankayenera kubwezera akamenyedwa kapena ayi. Bambo wowerengera ndalama uja ankati iye akanaphwanya mutu wa wapolisi, mlembi ankati Mkhristu satero, Adokotala n'kumatsegula mabuku atatu nthawi imodzi. Atayang'ana wotchi anati, "Anthuni, nthawi yatithera. Zina ndi zina palibe, eti? Chakudya chizizira. Mlembi, titsekereni ndi pemphero." Ndisanatsegule pakamwa, mitu yonse inali itawerama.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ine ndinaleredwa ndi agogo anga, mayi a bambo anga, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Sanali munthu wa nkhanza, koma anali wotopa, ndipo mwana wopempha pamaso ankawakwiyitsa. Ankati ukuwaumiriza kunena kuti alibe. Choncho ndinaphunzira kupempha mosalankhula. Kope likatha ndinkalisiya m'dengu lawo la tomato. Nsapato ikang'ambika ndinkaiika pakhomo pamene adutse. Iwo ankaona, osanena kanthu, ndipo pakapita masiku ndinkapeza kope latsopano pamphasa. Ndinakula ndikudziwa kuti umu ndi momwe munthu wamng'ono amapemphera kanthu kwa wamkulu popanda kumuchititsa manyazi.

Ndiye pobweza buku limene ndinabwereka mwezi wathawo, ndinalowetsamo kalata ya amayi, m'mphepete mwake mukuonekera pang'ono. Ndinalipereka ndi manja awiri. Ndinati, "Muli kanthu m'katimo, Adokotala." Iwo anati, "Zikomo, achemwali," ali mkati molankhula ndi munthu wina, n'kuliika patebulo.

Pobwerera amayi anandifunsa ngati ndapereka. Ndinati ndapereka.

Masabata anayi amenewo sindifuna kuwakumbukira. Amayi ankandiimbira foni masiku awiri aliwonse. "Anenapo kanthu?" Ine ndinkati tidikire, ndi anthu otanganidwa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuimba kunyumba kwa Adokotala. Anayankha akazi awo. Ndinawafunsa za ana, za chimfine chimene chinkayenda, za mvula. Atandifunsa ngati pali china, ndinati ayi, ndimangopereka moni. Nditaika foni ndinadzinyansa ngati ndaponda chinthu chowola ndi phazi lopanda nsapato.

Msonkhano wa Novembala sunachitikire pabalaza. Unali wapadera, mu holo ya tchalitchi, ndipo anaitana alendo: anzathu a ku Zambia, a ku Zimbabwe, ndi azungu angapo a mumpingomo. Adokotala ndi amene ankakamba nkhani. Mabuku awo anawayala patebulo kutsogolo, ataikapo kapepala koletsa kugwira. Holoyo inali ndi khitchini kumbuyo, ya kazenera kopatsirapo chakudya, ndipo amayi anali m'menemo kuyambira m'mawa. Kalata ya gulu ija inkafunika kwa loya Lachinayi lotsatira.

Adokotala anaimirira atavala suti yotuwa, ali ndi pepala m'manja. Ankadziwa kulankhula munthu uja, zimenezo sindingawalande. Ankayamba m'Chingerezi, akafika pokoma n'kukhotera m'Chichewa, ife n'kuombera m'manja azungu asanamve. Anakamba za anthu wamba, aphunzitsi, osoka zovala, oyendetsa malole, amene analemba maina awo pa mapepala odandaula kwa boma akudziwa kuti mawa lake achotsedwa ntchito. Anati ufulu sunayambe ndi akuluakulu a m'zithunzi, unayamba ndi munthu wamantha atagwira bolopeni.

Ndinali pamzere wachitatu. Atakweza pepala lija kuti aone bwino, ndinaona mizere yofiirira. Kenako zilembo za buluu, zikuluzikulu, zoimirira. Mbali imene inkayang'ana kwa ife inali kalata ya amayi. Adokotala ankawerenga kuseri kwake, kumene analembako mitu ya nkhani yawo.

Kalatayo anaipeza. Anaitambasula, anaona kuti kuseri kulibe kanthu, n'kuyamba kulembapo za anthu olimba mtima a kutsidya kwa nyanja. Ndipo tsopano ankaikupiza m'mwamba akafika pa mawu amphamvu, zilembo za amayi zikugwedezeka pamaso pa holo yonse.

Anthu ataimirira kuomba m'manja, ndinapita kukazenera kuja ngati ndikukathandiza kunyamula mbale. Amayi anandigwira mkono, nkhope ikuwala ndi thukuta.

"Waona? Waona, mwanawe? Akuyenda nayo! Ndinaizindikira ndili konkuno. Ndiye kuti anena lero pagulu, eti?"

Ndinatenga mbale ya samusa n'kupita nayo kutsogolo, pamene Adokotala anazunguliridwa ndi mlembi, bambo wowerengera ndalama uja ndi ena awiri. Ndinadikira kuti mzungu wina amalize kuwagwira chanza.

"Adokotala, pepani, ndilankhule nanu pang'ono."

"Aaa, achemwali a ku Rotherham! Lero mwalankhula? Mlembi, lembani zimenezi mu maminitsi." Onse anaseka. Adokotala anatola samusa m'mbale imene ndinanyamula.

"Ndi za pepala muli nalolo."

Analitembenuza n'kuliyang'ana ngati munthu amene wapeza chiphaso cha basi chakale m'thumba.

"Oo, iyi. Inde, ndinaiona. Ya anti akukhitchini, eti? Zomvetsa chisoni kwambiri. Koma nkhani zoterezi si za munthu mmodzi, achemwali. Ndi za komiti."

"Ndi chiyani?" anafunsa mlembi, mayi wogwira ntchito mu famase. Adokotala anamupatsa, ndipo anawerenga milomo ikuyenda. "Ayi, izi ndiye zovuta. Ife ndi gulu lowerenga mabuku. Tikalembera mmodzi, mawa a asayilamu onse a ku Yorkshire ali pakhomo ndi mandasi."

"Ine dzina langa lisapezekepo," anatero wowerengera ndalama, akutafuna. "Ndikudikira mapepala anga okhalitsa. Nanga titalemba kuti tikuwadziwa, n'kupezeka kuti nkhani yawo ndi yopeka? Anthuwa amaphunzitsana zonena, inu simudziwa?"

"Dzanja lawo mwaliona," ndinatero.

"Dzanja munthu amathyoka ngakhale pa njinga, sisi."

Adokotala anakweza chikhatho monga ankachitira pothetsa mkangano pabalaza. "Tisakangane pamaso pa alendo. Tiika pa ajenda ya Disembala, pa zina ndi zina. Tidzaione bwinobwino."

"Loya akuifuna Lachinayi."

"Lachinayi lomwe lino? Nanga bwanji simunanene? Achemwali, kalata yofunika chonchi mumaibisa m'buku ngati ya chibwenzi? Ine ndaipeza dzana, pokonzekera nkhani yangayi. Mwezi wonse munali kuti?"

Ngati anaipezadi dzana lake kapena kale, sindidziwa. Koma funso lawolo linandilasa chifukwa linali loona, ndipo iwo anaona kuti landilasa. Nkhope yawo inamasuka. Anatolanso samusa wina.

Ndinapempha kuti andibwezere kalatayo. Adokotala anati pepani, alendo ena apempha kuti nkhani ya lero itaipidwe kuti aigawire anzawo, ndipo mitu yake yonse ili kuseriko. Akamaliza kutaipa adzandipatsa. Analandira pepalalo kwa mlembi, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la jekete.

Tinakwera sitima ya masana, zidebe zili zopanda kanthu. Ndinadikira mpaka titatuluka mumzinda, kenako ndinawauza amayi zonse, kuyambira pa buku. Anamvetsera akuyang'ana pawindo. Nditamaliza anaseka kamodzi, kuseka kouma.

"Ndiye alembapo zawo? Ku Ulaya kuno mapepala asowa?"

"Pepani, amayi."

"Anadya samusa?"

"Anadya."

"Angati?"

"Awiri, pamene ndinaliripo."

"Ndinathira tsabola wochepa dala, poti amadandaula za m'mimba." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Nanga iwe sungalembe?"

Ndinalemba. Koma nanenso ndinali ndi mantha anga. Viza yanga inali ya sukulu, ndipo maola amene ndinkagwira kwa okalamba ankapitirira amene ankaloledwa. Choncho m'kalatamo sindinatchule za ntchito, sindinatchule za gulu, ndinangoti ndine mwana wa sukulu ndipo ndimawadziwa amayiwa kutchalitchi. Inali mizere isanu ndi umodzi. Ndikuilemba ndinkamva mawu a wowerengera ndalama uja m'khutu, ndipo sindinaone kusiyana kwenikweni pakati pa iye ndi ine, kupatula kuti iye ananena mokweza. Loya anailandira, anaiyang'ana, n'kunena kuti aiphatikiza ndi zinazo. Anafunsa ngati ya gulu ija ikubwera. Amayi anati ayi.

Apilo inakanidwa chaka chisanathe. Ndinamufunsa loyayo ngati kalata ya gulu ikanasintha zinthu. Anati palibe angadziwe, mwina ayi, mwina pang'ono. Ndayesa kudzitonthoza ndi mawu akuti mwina ayi kwa zaka zambiri, koma sagwira.

Ku Leeds sindinapitenso. Mu Febuluwale amayi anapita kukasaina monga mwa nthawi zonse, ndipo sanabwerere. Mayi wa ku Congo amene ankakhala nawo nyumba imodzi ndi amene anandiuza. A ku ofesi ija anali atawatengera amayi kumalo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, kutali kumwera.

Sabata yomweyo akazi a Adokotala anandiimbira. Anati ndasowa, kenako anati foni ya anti sikupezeka, ndipo Loweruka kukubwera alendo ochokera ku Liverpool. Ndinawauza kumene anti anali.

"Ayi! Zoona? Mayi wabwino ngati uja? Koma dziko lino ndi la nkhanza, anthuni. Ndiwauza Adokotala, tidzawapempherere." Anapuma pang'ono. "Nanga inuyo, achemwali, mandasi mumatha?"

Ndinati sinditha. Linali bodza.

Amayi ndinalankhula nawo kamodzi ali kumalo kuja. Anaimba okha, masana, ndili pa shifiti, ndipo ndinakayankhira kuseri kwa nsalu zochapa. Mawu awo anali bwinobwino, ngati kuti akuimba ali kunyumba. Anandiuza zoti ndichite ndi katundu wawo: mapoto ndimupatse mayi wa ku Congo, zitenje ndi Baibulo ndidzatumize akadzapeza pokhala. Kwawo kwenikweni sakanapitako. Ankaganiza zokafikira kwa mwana wa achemwali awo, boma lina, kumene akuchimuna sakanawapeza msanga.

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Za anthu aja zisiye. Dokotala uja ndinamuona kalekale, ndimangoti mwina. Koma iwe, mwanawe, chinthu chimodzi chokha. Tsiku lija m'sitima, pamene ndinakufunsa, ukanangondiuza kuti sunapereke m'manja. Sindikanakukalipira. Ndikanakwera basi Lolemba lake, ndekha, n'kukagwada pakhomo pawo mpaka atandiyankha. Akanakana, ndikanapita kwa abusa, ndikanapita kwa a ku Zambia aja. Mwezi wathunthu ndinali nawo. Ine kugwada sindiopa."

Ndinati inde, amayi. Kumbuyo kwawo kunkamveka munthu akuwauza m'Chingerezi kuti nthawi yatha, ndipo anatsanzika mofulumira, akundiuza kuti ndizivala zotentha. Anawakweza ndege sabata yotsatira.